Kuchokera pa Phoso Kufika pa Pamela

Mwezi ukatha ku Natuseko, komboni ya ku Kabwe m'dziko la Zambia imene khutu la Mchewa limamva kuseka m'dzina lake, timisasa ta ndalama za pafoni timakhala ndi mzere kuyambira m'mawa. Pamzerepo pamaima alonda, aphunzitsi, atsikana ogulitsa m'masitolo a m'tauni ndi anyamata a m'magalaja. Ochenjera satapa zonse. Amatulutsa za lendi, za thumba la ufa ndi za makala, zotsalazo n'kuzisiya mufoni kuti azitapa pang'onopang'ono Lolemba lililonse, monga mmene mayi wakumudzi amatapira chimanga m'nkhokwe. Ndalama ya Lolembayo ndiyo igule ndiwo, tomato, mafuta ophikira ndi mabanzi a ana, ndipo ikapulumuka mpaka Lachisanu, kotsalako n'kokachezera kubala. Achinyamata amati imeneyi ndi bajeti, ndipo ena amaiyesa nzeru yobwera ndi mafoni. Koma m'nyumba zomwezo muli agogo amene anaona mgodi ukufuka utsi, ndipo iwo akulidziwa dzina lakale la chakudya choyezeredwa sabata imodzi. Linali phoso.

Kabwe ndi tauni yobadwira pakhomo la nkhokwe ya phoso. Mu 1902 katswiri wa miyala T. G. Davey anapeza mtovu ndi zinki pa timapiri ta m'dziko la Alenje, ndipo malowo anatchedwa Broken Hill potengera mgodi wotchuka wa ku Australia. Njanji yochokera kummwera inafika mu 1906. Pasanapite zaka zambiri, pomwe panali tchire panasonkhana amuna ochokera kutali: Abemba, Alala, Alozi, Ansenga ndi Angoni a kummawa, ndi enanso ochuluka a ku Nyasaland amene anayenda pansi masabata angapo. Onsewa anafika ndi mimba zawo, koma minda anaisiya kumudzi. Midzi yozungulira sikanatha kudyetsa chikhamu chotere, msika wodalirika kunalibe, choncho kampani ya Rhodesia Broken Hill Development Company inayenera kulemba anthu ntchito ndi kuwadyetsa komwe.

Mawu oti phoso sanayambire pamgodi. Ndi apachibale ndi mawu a Chiswahili oti posho, ndipo anayenda m'njira za amalonda a minyanga, kumene wonyamula katundu ankapatsidwa ufa, kapena nsalu ndi mikanda yoti azisinthanitsa ndi chakudya m'midzi ya m'njira. Amtengatenga a pankhondo ya 1914 mpaka 1918 anawadziwa bwino mawuwa, chimodzimodzinso anthu olima m'maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje. Mnyamata wa ku Dedza, kapena wa ku Fort Jameson komwe lero ndi ku Chipata, akafika ku Broken Hill sankafuna womumasulira. Ankadziwa kuti phoso si malipiro. Ndi chakudya chokusunga ndi moyo kuti mawa udzukenso kukagwira ntchito ya mwini wake.

Malipiro enieniwo ankayenda ndi tikiti. Tikiti inali kakhadi ka masiku 30 ogwira ntchito. Tsiku lililonse poweruka bwana ankalembapo chizindikiro, ndipo tsiku lopanda chizindikiro silinkawerengedwa, ngakhale munthu atakhetsa thukuta kuyambira mbandakucha. Popeza Lamulungu linali tsiku lopuma, tikiti imodzi inkatenga masabata asanu, ndipo wodwala kapena wokangana ndi kapitawo ankaitsiriza mochedwerapo. Ku migodi ya kopa ya kumpoto, m'zaka za m'ma 1930, woyamba kumene ntchito ankalandira mashileni 12 ndi mapeni 6 pa tikiti akakhala wa pamtunda, ndipo mashileni 22 ndi mapeni 6 akakhala wotsikira pansi. Mu 1935 msonkho wa pachaka m'madera a migodi unakwezedwa kufika pa mashileni 15, kutanthauza kuti wa pamtunda uja ankagwirira boma tikiti yathunthu n'kupereweranso.

Motero munthu mmodzi ankasunga makalendala awiri. Mimba inkayendera sabata, thumba linkayendera tikiti.

Tsiku logawa phoso linali ndi phokoso lakelake. Anthu ankandandalika kutsogolo kwa sitolo ya kampani mkati mwa komboni, wina ndi thumba, wina ndi chitini cha palafini chotsukidwa, wina ndi beseni. Pawindo pankakhala kalaliki, kawirikawiri munthu wa ku Nyasaland wophunzira ku mishoni, amene ankayamba wayang'ana tikiti asanalole woyeza kutapa ufa. Ukatha ufa pankabwera nyemba, mtedza ndi mchere, ndipo masiku ena nyama, yoponyedwa m'mbale mosasankha kuti uwu ndi mnofu, ili ndi fupa. Wojomba kuntchito ankapeza kuti wajombanso kuphoso.

Boma la atsamunda linaika m'malamulo a ntchito kuti wolemba anthu aziwadyetsa, ndipo linatchula mitundu ya zakudya ndi miyeso yake. Sichinali chifundo chokha ayi. Migodi yoyambirira ya kuno kummwera kwa Africa inataya anthu ochuluka ndi chibayo komanso matenda otupitsa nkhama, obwera chifukwa chodya nsima yopanda masamba ndi zipatso, ndipo munthu wofooka sanyamula fosholo. Kugula chimanga ndi ng'ombe zambiri nthawi imodzi kunalinso kotchipa kwa kampani kuposa kuwonjezera malipiro. Ndiye panali maganizo ena amene mabwana sankawabisa n'komwe: ati munthu wakuda ukamupatsa ndalama m'malo mwa ufa, akaithera ku mowa ndi zovala, n'kubwera kuntchito ali lefu ndi njala. Chimenechi chinali chipongwe, ndipo zomwe anthu a m'komboni ankachita ndi kandalama kawo kochepako zikuchitsutsa.

Umboni wake unalembedwa ku Broken Hill komweko. Godfrey Wilson, mkulu woyamba wa bungwe la kafukufuku la Rhodes-Livingstone Institute, anakhala m'tauniyi mu 1939 ndi 1940 akucheza ndi anthu m'makomboni. Anawerengera kuti munali anthu akuda pafupifupi 15,000, ndipo amuna akuluakulu anali theka lokha. Enawo anali akazi ndi ana. Apa ndi pomwe panagona vuto. Malipiro ndi phoso zinayezedwa poganizira mwamuna wobwera yekha, wodzagwira ntchito miyezi ingapo n'kubwerera kwawo. Koma Wilson anapeza kuti ambiri, chichokereni kumudzi ulendo woyamba, anali atakhalitsa m'tauni kuposa kumudziko, ndipo ena anali ndi mabanja pomwepo. Mphika woyezeredwa munthu mmodzi unkadyetsa anayi kapena asanu, osawerengera mlamu wofika dzulo kudzafuna ntchito, amene mwambo sunkalola kumubweza pakhomo.

Amene ankakoka ufa kuti ufike tsiku logawa lotsatira anali akazi. Kampani inkapatsa ena mwa antchito okwatira malo a maekala 5 kunja kwa komboni, ndipo kumeneko akazi ankalima chimanga, mbatata, maungu ndi masamba. Amuna osakwatira ankasonkha phoso lawo anayi kapena asanu n'kumadyera mbale imodzi, kapena ankalipereka kwa mkazi wa mnzawo kuti aziwaphikira, iye n'kupatulako ka ana ake. Nsomba zouma za ku dambo la Lukanga zinkasinthako pakamwa pa anthu otopa ndi nyemba. Ufa wina, pamodzi ndi chimera, unkalowa mumgolo n'kutuluka uli mowa, ndipo mowawo unkakokera m'nyumba mapeni ndi mashileni a amuna osakwatira omwe aja.

Nanga ndalama ya tikiti inkapita kuti? Wilson anapeza kuti gawo lalikulu, loposa theka, linkagula zovala. Mabwana ankati n'kunyada chabe, koma kwa munthu wopanda banki chovala ndicho chinali chuma chosungika. Bulangete, jekete kapena nsalu zinkatha kupinyolitsidwa, kutumizidwa kwa apongozi, kapena kulipira anthu okalima munda wa mayi kumudzi. Panalinso mwambo wa bokosi. Wantchito ankakhala ndi bokosi lake kusitolo ya m'tauni, ndipo akalandira ankagula malaya kapena nsalu n'kuzitsekera momwemo, kutali ndi akuba a m'komboni, kutali ndi abale opempha, kutalinso ndi ludzu lake lomwe la Loweruka. Mwini sitolo ankapindula chifukwa kasitomala wotere sathawa, ndipo nthawi zina bokosilo linkasanduka chikole cha ngongole. Komabe nzeru yake ndi yomweyi ya mnyamata wa ku Natuseko wosiya ndalama mufoni: chuma chikhale pomwe dzanja silifika msanga. Chilimba, chimene ku Malawi amati chipereganyu, chinakula m'matauni a migodi pa chifukwa chomwecho. Anthu awiri kapena atatu ankapatsana malipiro mosinthana kuti aliyense, likafika dzuwa lake, agwire ndalama yokwanira njinga kapena makina osokera.

Zosangalatsa za usiku nazo zinkafuna ndalama, ndipo anthu ankazikonzekera. Wilson anafotokoza za makalabu a dansi a ku Broken Hill, kumene amuna ovala masuti ndi akazi ovala madiresi aatali ankavina awiriawiri, nthawi zina mopikisana ndi ovina ochokera m'matauni ena. Munthu amene masana onse waitanidwa kuti boyi, usiku umenewo ankalowa m'holo ali njonda. Suti yakeyo inadya matikiti angapo, mwinanso inali yobwereka kwa mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Alipo amene anganene kuti kunali kusakaza. Koma munthu wolandidwa ulemu masiku asanu ndi limodzi pa sabata akaupeza usiku umodzi, ndalama imene walipirayo sinapite pachabe.

Pa mowa ndiye boma ndi makampani analowetsapo dzanja. Mmodzi mwa azungu odziwika a Broken Hill wakale anali John Harrison Clark, amene anthu anamutcha Changa Changa. M'zaka za m'ma 1890 iyeyu anadzilonga ufumu kumadera a Luangwa ndi Zambezi, ali ndi asilikali akeake, ndipo atakula anakhazikika ku Broken Hill n'kukhala mmodzi wa eni fakitale yoyamba yofulula mowa ndi chilolezo mu Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia. Anamwalira mu 1927, koma dzina lake linatsala pakamwa pa anthu: m'makomboni a migodi, bwana woyang'anira komboni ankatchedwa changa changa.

Dongosolo la mowa limene linafalikira m'matauni linachokera ku Durban, kumene kuyambira 1909 khonsolo ya mzinda inadzipatsa yokha mphamvu zofulula ndi kugulitsa mowa wamasese kwa anthu akuda. Holo ya mowa inkatsegulidwa ndi kutsekedwa pa maola oikika, mkati muli mabenchi ndi apolisi a komboni, ndipo phindu lake ankati ndi lomangira zothandiza anthu akuda, monga mabwalo a mpira, maholo ndi tizipatala. Choncho wantchito ankalipira yekha chitukuko cha komboni yake kudzera pakhosi, pomwe misonkho ya tauni inkasalaza misewu ya kumayadi. Mowa wa m'mabotolo ndi zakumwa zaukali zachizungu zinali zoletsedwa kwa iye kwa zaka zambiri. Mayi wofulula pakhomo anasanduka wolakwira lamulo, womutayira mowa pansi ndi kumulipitsa faindi, chonsecho ndalama yake ndi imene inkathera mumphika wa ana osati m'thumba la khonsolo.

Wilson uja sanakhalitse ku Broken Hill. Akuluakulu a mgodi sanakondwe naye mzungu wokhala pansi ndi antchito, kusuta nawo fodya ndi kuwafunsa za malipiro, ndipo anamuletsa kulowa m'komboni. Anatula pansi udindo mu 1941.

Pofika nthawiyo antchito anali atayamba kale kudzilankhulira okha. Pa sitiraka ya mu 1935 ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya, imene inabuka ndi msonkho uja, madandaulo a phoso anamveka pamodzi ndi a malipiro, ndipo ku Luanshya anthu 6 anaphedwa ndi zipolopolo. Mu 1940 ku Nkana kunafa 17. Mu 1949 kunabadwa bungwe la antchito akuda a m'migodi lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, ndipo mu 1952 linaimitsa migodi ya kopa masabata atatu, malipiro n'kukwera. Ku Broken Hill, tauni ya njanji, Dixon Konkola ankatsogolera antchito akuda a panjanji, m'tauni yomweyo imene Roy Welensky, woyendetsa sitima, anayambira ndale pomenyera antchito achizungu. M'zaka zomwezo za m'ma 1950 migodi inasiya kugawa phoso, n'kuphatikiza mtengo wa chakudya m'malipiro.

Kumeneku kunali kupambana kwenikweni. Bambo wamkulu, wa ndevu zake ndi ana ake, analeka kuima pamzere ndi chitini kuti mnyamata wa pawindo amuyezere choti adye. Nkhondoyi inayenda limodzi ndi ina ya pawindo pomwepo. M'masitolo ndi m'mabutchala a azungu anthu akuda ankagulitsidwa zinthu kudzera pa kawindo ka kumbali, osaloledwa kulowa kukasankha nyama ndi maso awo, ndipo chipani cha African National Congress cha Harry Nkumbula chinatsogolera anthu kunyanyala masitolo otere mu 1954 ndi 1956. Mu 1957 kunyanyalako kunafika ku maholo a mowa. Munthu wogwira ndalama yakeyake ankafuna kulowa nayo pakhomo lakumaso.

Koma walira mvula walira matope. Kale ufa ndi mowa zinkachokera m'matumba awiri osiyana, ndipo ngakhale bambo atamwa tikiti yonse, phoso linkabwerabe sabata yotsatira. Tsopano zonse zinalowa mu envulopu imodzi yolandira mwamuna kamodzi pamwezi, ndipo njira yochokera kuofesi yolipirira kupita kunyumba inkadutsa pafupi ndi holo ya mowa. Ntchito ya kalaliki wa pawindo inagwera mayi wa m'nyumba, koma kiyi wa nkhokwe sanamupatse. M'makomboni munabuka milandu yatsopano, ya amuna obisa kapepala ka malipiro ndi akazi okadikirira amuna awo pageti tsiku lolandira. Mawu oti ndalama ya ndiwo anayamba kulemera, ndipo akulemerabe mpaka lero. Mayi wanzeru ankagula thumba la ufa, mchere, sopo ndi kapenta tsiku lomwelo ndalama isanamere mapiko, yotsala n'kuimanga pa ngodya zinayi za mpango, kapena kuibisa m'tizitini tosiyana, sabata iliyonse ndi kake. Ya sabata yachinayi ikatha msanga, panali kabuku ka ngongole kugolosale ya pakona. Kabukuko kakadzaza panali wa kaloba, katapila wa ku Zambia, wobwereketsa ndalama yoti pakutha pa mwezi ibwerere ndi theka pamwamba.

Ufulu wa 1964 unasintha mayina ndi ndalama zomwe. Broken Hill inakhala Kabwe, ndipo mu Januwale 1968 kwacha ndi ngwee zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi mashileni. Mu Epulo chaka chomwecho, pa thanthwe la Mulungushi kunja kwa Kabwe, Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani akuluakulu, kuphatikizapo ofulula mowa ndi a masitolo. Mtengo wa ufa unkaikidwa ndi boma, lomwe linkalipirako gawo kuti wa m'tauni agule motsika. Nkhokwe ya phoso ija inali itasamuka pamgodi n'kukakhala ku Lusaka. Zaka zimenezi n'zomwe akuluakulu a ku Kabwe amazikumbuka akumwetulira. Wa panjanji ankatha kugula ufa wa mwezi wonse, kupita kubwalo kukaona Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors, amene mu 1972 anamwetsa zigoli 107, n'kutsalabe ndi ya Chibuku kuthaveni kapena ya botolo kukalabu.

Mtengo wa kopa utagwa mu 1975 mizere inabwerera, ulendo uno kutsogolo kwa masitolo a boma, kodikirira sopo, shuga, mafuta ophikira ndi ufa. Mu Disembala 1986 boma linakweza mtengo wa ufa woyera kuposa kawiri, ku Copperbelt, dera la migodi ya kopa lija, kunabuka zipolowe, anthu 15 anafa, ndipo Kaunda anabwezera mtengo wakale. Mu 1989 kunabwera makuponi, timapepala tothandiza mabanja a m'tauni kugula ufa motsika mtengo. Ana a anthu amene anamenyera nkhondo kuti phoso lithe anapezeka pamzere, kapepala kali m'manja. Kampani ya boma ya ZCCM, imene inakhazikitsidwa mu 1982 n'kuyendetsa migodi kuphatikizapo wa Kabwe, inkathandizanso antchito ake ndi matumba a ufa pamwamba pa nyumba, madzi ndi magetsi. Panthawiyo ufawo unkalandiridwa ndi manja awiri, chifukwa kwacha inkasungunuka m'manja pomwe thumba la ufa linkakhalabe thumba la ufa. Mu Juni 1990 mtengo unakweranso, zipolowe zoyambira ku Lusaka zinapha anthu oposa 20, ndipo chaka chotsatira Kaunda anagwa pachisankho. Boma la Frederick Chiluba linachotsa makuponi ndi thandizo la pa mtengo wa ufa.

Tsoka lalikulu linagwera Kabwe mu 1994, pamene mgodi unatsekedwa utagwira ntchito zaka pafupifupi 90. Njanji nayo inachotsa anthu ambirimbiri, ndipo fakitale ya nsalu ya Mulungushi inaima mu 2007. Mgodi unasiya fumbi la mtovu m'nthaka ya Kasanda, Chowa ndi Makululu, limene likudwalitsa ana mpaka lero, unasiyanso chulu chachikulu cha zotsalira zake chomwe anyamata amakumbamo miyala yogulitsa. China chimene unasiya sichioneka ndi maso: mabanja ankhaninkhani opanda tsiku lolandira. Zaka zonse zija tauni inkavina motsata ng'oma ya malipiro, kuyambira wogulitsa makala mpaka woimba gitala kubala. Ng'omayo itang'ambika, sabata inafupika n'kusanduka tsiku.

Apa m'pamene pamela anatenga malo. Pamela ndi kathumba ka pulasitiki ka ufa wokwanira nsima ya kamodzi kapena kawiri, wotapidwa m'thumba la makilogalamu 25 n'kuyalidwa pa kantemba, kaokala ka m'mbali mwa msewu. Pambali pake pamakhala mafuta ophikira omangidwa m'kapulasitiki kotalika ngati chala, shuga wa masupuni angapo, kamulu ka kapenta kokwana m'dzanja, ndi makala a m'kajumbo ongokwanira mbaula imodzi. Mayi amene wagulitsa masamba tsiku lonse amafika pamenepo dzuwa litapendeka, n'kumasula mfundo ya chitenje, kuwerenga makobiri kawiri, ndi kusankha pakati pa mafuta ndi tomato. Mapamela onse a mwezi akaphatikizidwa, amapezeka kuti walipira zoposa mtengo wa thumba lathunthu. Iye akuzidziwa zimenezi kuposa aliyense womulangiza za kusunga ndalama. Chimene alibe ndi ndalama ya thumba lonse pa tsiku limodzi.

Mowa nawo unachepa thupi chimodzimodzi. Timapaketi ta kachasu wa m'fakitale totchedwa tujilijili tinadzaza m'misika ndi m'madepoti, totchipa moti ngakhale mwana wasukulu ankagula, mpaka boma linatiletsa mu Epulo 2012. Usiku wa dansi ndi suti uja unali utasanduka kumeza kamodzi kuseri kwa kantemba, ola lina lililonse la tsiku. Kuletsako sikunaphe ludzu, chifukwa kachasu wa m'makomboni ndi timabotolo ting'onoting'ono zinalowa m'malo mwake.

Lero woyeza phoso kulibe, koma muyeso ulipo. Bungwe la ansembe a Chijezuiti la JCTR, kuyambira m'zaka za m'ma 1990, limawerengera mwezi ndi mwezi mtengo wa zinthu zofunika pa banja la m'tauni, ndipo Kabwe ndi imodzi mwa matauni amene limawayendera. Mndandanda wake umayamba ngati wa pawindo la kampani uja: ufa, nyemba, nsomba zouma, nyama, masamba, mchere, kenako makala, sopo, lendi ndi magetsi. Kusiyana kwake n'kwakuti wa kampani unali chakudya chonyamula kupita nacho kunyumba, pomwe uwu ndi chiwerengero choti munthu ayerekeze ndi malipiro ake, ndipo kwa alonda ndi antchito a m'nyumba malipirowo safikapo. Mowa mulibe pamndandandawo. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza mu Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinapsereza chimanga m'minda ndi kuchepetsa madzi ku Kariba mpaka magetsi kumazima maola ambiri patsiku, ndipo aliyense anathamangira ku makala. Mabajeti ambiri a sabata anaphwasukira pamenepo, ndipo choyamba kudulidwa chinali Lachisanu.

Choncho amene amatha kudziikira ndalama ya sabata ku Natuseko ndi okhawo ali ndi malipiro a pamwezi oti n'kugawika panayi. Enawo ali ndi njira zawo. Amayi a pamsika amasonkha chilimba cha tsiku ndi tsiku, aliyense kuponya kandalama kofanana madzulo, kuti mmodzi wa iwo anyamule zonse akagule thumba la makilogalamu 25, apumeko pa pamela masabata angapo. Magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, amene ku Malawi amati banki mkhonde, amakumana pansi pa mtengo kapena kutchalitchi, ena ali ndi bokosi lachitsulo la maloko atatu, makiyi ake ali kwa anthu atatu osiyana. Bokosi lija labwerera, koma tsopano silikhalanso kwa mwini sitolo.

Lachisanu dzuwa likamalowa, utsi wa mbaula umakwera m'makomo monse ndipo masipika a m'mabala amayamba kuyesedwa. Mnyamata wolondera sitolo m'tauni amaima pa kamsasa ka ndalama n'kuyang'ana mufoni zotsala za sabata ino. Anzake akumukodola kutsidya kwa msewu, pomwe nyama ya michopo ikuthetheka pamoto. Iye amatapa yokwanira mabotolo awiri, basi ya mawa ndi makala a Lamulungu, n'kupempha mtsikana wa pamsasapo kuti amupatse yosinthasintha. Ya makala ija amaipinda payokha, n'kuilowetsa m'sokosi asanawoloke msewu.